Nkhope ya Mumzere Wachiwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene amayi anamwalira, ndipo ndinene poyambirira pomwe pano kuti sindinalire. Anthu a kwathu ku Bembeke anazikamba ndithu. Ena ankati mwanayu ngolimba mtima, ena ankati ngouma mutu. Onsewo ankangolota. Ine sindinkamva kanthu basi. Akandipatsa chakudya ndinkadya, belu likalira ndinkalowa m'kalasi, abambo akanyamula khasu ndinkawatsatira kumunda wa kachewere ngati mbuzi ya pachingwe. Chokhacho chimene chinatsala chamoyo mwa ine chinali ukali. Mnzanga akandigunda phewa pamzere kusukulu, nkhonya inkapita yokha ndisanaganize. Mpaka lero ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, akunyumba anga angakuuzeni bwino, koma zinamera mizu chaka chimenecho.

Tinatsala atatu: abambo, ine, ndi mlongo wanga Lusiya, amene anali asanakwanitse zaka zitatu. Tsiku lina madzulo Lusiya anathamangira mayi wina amene ankadutsa pamsewu atasenza nkhuni, n'kumugwira chitenje akuitana kuti, "Amama." Mayiyo sanali wa m'mudzi mwathu n'komwe. Anatula nkhuni zake, kumunyamula pang'ono, n'kumubweza kwa ine. Abambo anaona zonsezo ali pakhonde. M'mawa mwake ndinawamva akuuza azakhali, alongo awo amene ankabwera kudzatiphikira, kuti, "Mwanayu adzakula osadziwa nkhope ya amayi ake."

Vuto linali lakuti m'nyumba mwathu munalibe chithunzi cha amayi ngakhale chimodzi. Ojambula ankabwera ndithu ndi njinga zawo pa Khirisimasi ndi masiku a ubatizo, koma amayi ankakana. Ankati adzajambulitsa akadzagula nsapato. Matenda anafika nsapatozo zisanagulidwe.

Chithunzi chokhacho chimene munali amayi chinali kwa Mayi Kachale, akazi a aphunzitsi athu. Zaka zinayi m'mbuyomo wansembe wina wachizungu anajambula gulu la amayi a kutchalitchi ataima pamasitepe, n'kusiya chithunzi chimodzi chokha kwa mtsogoleri wawo, amene anali Mayi Kachale. Wansembeyo anali atabwerera kwawo kalekale pamodzi ndi filimu yake. Tsono tinamva kuti aphunzitsiwo awasamutsira kutali, kumunsi kwa Shire, ndipo lole ibwera kudzawatenga Loweruka. Abambo anapita kukapempha chithunzicho Lachitatu. Mayi Kachale anakana kutipatsa chonse, ati muli anthu ambiri mmenemo ndipo ena nawonso anatisiya, akapatsa ife mawa kubwera ena. Koma anavomera kutibwereka tsiku limodzi.

Abambo anabwera nacho chitakulungidwa m'pepala, pakati pa makatoni awiri. Sanachitsegule. Anachiika pamwamba pa khoma, pansi pa denga, ndipo m'mawa mwake anachitsitsa n'kundipatsa.

"Upite ku boma kwa a Chikadza ojambula. Ndinakambirana nawo tsiku la msika. Akuti ali ndi galasi lokoka nkhope yaing'ono n'kuikuza. Ukawalozere amayi ako."

"Inu simupita?"

"Maso ako ndi atsopano. Ndiponso kachewere sadzikumba yekha."

Kachewere tinali titamaliza kukumba sabata yathayo. Ndinadziwa, iwonso anadziwa kuti ndikudziwa. Anangowonjezera kuti ndisatsegule panjira, ndingachidetse ndi zala, ndipo ndibwerere dzuwa lisanalowe kuti ndikachibweze kwa eni ake.

Unali mwezi wa Juni. Nkhungu inali itakuta phiri lonse, moti mitengo ya paini inkangotulukira umodzi umodzi m'mbali mwa msewu. Ndinapalasa njinga ya abambo mwendo nditaulowetsa pansi pa chitsulo, poti pachishalo sindinkafika. Chithunzicho ndinachiika mkati mwa malaya, pamimba. Zala zinauma ndi chisanu mpaka ndinasiya kuzimva, ndipo ndikukumbukira kuti zimenezo zinandikomera.

A Chikadza ankagwirira ntchito m'kachipinda kuseri kwa sitolo ina, ndipo pakhonde pake pankakhala telala ndi makina ake. Mkatimo munali nsalu yojambulidwa ndege ndi nyumba zosanjikizana, imene anthu ankaima patsogolo pake, maluwa a pulasitiki, ndi jekete lobwereka amene abwera opanda jekete. Iwo anali bambo woonda, wamtali, wamagalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Ankachita chilichonse pang'onopang'ono, ngakhale kuyankha moni. Anthu ankati kale ankagwira ntchito ndi alangizi a zaulimi, kujambula tizilombo ta m'masamba ndi matenda a mbewu, ndipo n'kumene anatenga galasi limene abambo ankanenalo.

"Ndiwe mwana wa a Dominiko? Khala apo, bwana. Manja ako atenthe kaye."

Anakokera tebulo pafupi ndi zenera n'kuyalapo nsalu yakuda. Anachotsa galasi limene linali pa kamera, n'kutulutsa lina lalitali m'sokosi yakale, n'kulilumikiza ndi mphete ziwiri zachitsulo. Kamerayo anaiika pa choimikira cha miyendo itatu, itayang'ana pansi ngati nkhuku yofuna kujompha. Ndinafunsa za nyali ija imathwanima pojambula. Anati imeneyo pano ayi, kuwala kwake kukagunda pepala lonyezimira mumatuluka mtambo woyera basi. Pano tidalira dzuwa la pazenera.

Pakona panali thumba la chimanga. Anatolapo nankafumbwe mmodzi, kumuika pa bokosi la machesi pansi pa kamera, n'kuwerama nthawi yaitali akutembenuza galasilo. Kenako anandiitana.

"Tabwera uone. Diso limodzi utseke. Usagwire miyendoyi."

Ndinaika diso pa kazenera ka kamera. Poyamba ndinangoona utsi. Kenako chinthu chinatulukira, chodzaza malo onse, chili ndi chitamba ngati njovu, msana wake uli maenjemaenje ngati mwala woperera, miyendo itamatirira ufa. Mutu unkaoneka bwinobwino, koma kumbuyo kwake kunali kosungunuka ngati kwalowa m'madzi. Chinasuntha pang'ono, mutu nawo n'kusowa.

"Ukayandikira chonchi," anatero a Chikadza, "malo ooneka bwino amapyapyala ngati khungu la anyezi. Ukatsitsa pang'ono wapitirira, ukakweza pang'ono sunafike. Ngakhale kupuma kwako kumagwedeza. Waona bwanji?"

Ana ena akanadumpha. Ine ndinati, "Ndi nankafumbwe basi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Eee, ndi nankafumbwe basi," anatero, n'kumutayira pazenera.

Ndiye anasamba m'manja, kupukuta, n'kumasula pepala lija. Chithunzicho chinali chachikulu pang'ono kuposa chikhatho changa, chakuda ndi choyera. Anachigoneka pansalu n'kutsendereza makona ake ndi manati anayi a njinga kuti chisapindike. Munali mizere itatu ya amayi. Onse mabulauzi oyera, onse chitenje chimodzimodzi, onse duku imodzimodzi itatsitsidwa mpaka pansidze, monga amavalira amayi a gulu akakhala pa mwambo. Dzuwa linali kumaso kwawo, choncho onse anali atatsinzina pang'ono, mithunzi ili m'maso. Nkhope iliyonse inali ngati njere ya nyemba, yosafika ngakhale pa chikhadabo cha chala changa chaching'ono.

"Amayi ako ndi ati?"

Njira yonse ndinkaganiza kuti ndikangotsegula, amayi adzatulukira okha. Sanatulukire. Ndinayenda ndi maso mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, n'kubwereranso. Palibe. Amayi amene ndinali nawo m'mutu anali a miyezi yomaliza, owonda, masaya atalowa, atagona kuyang'ana kukhoma. Amayi a pachithunziwa onse anali odzaza nkhope. Ndiponso ndinene chinthu chimene anthu savomera: mwana sayang'ana amayi ake kumaso. Amadziwa msana wawo akamapita kumunda, mawu awo akamaitana kuchokera kukhitchini, mapazi awo akamabwera ndi ndowa. Nkhope amangoti ilipo, idzakhalapo mawa.

Chimene ndinkadziwa n'chakuti anali aafupi. Mumzere wachiwiri munali amayi awiri aafupi ataima moyandikana, wachinayi ndi wachisanu kuchokera kumanzere. Ndinatambasula chala.

"Osati ndi chala, bwana. Chala chako chikuphimba anthu atatu. Tenga kamtengo ka machesi."

Ndinatenga kamtengoko. Kanali pakati pa awiriwo, ndipo a Chikadza ankadikira. Ndinakakhotetsera kumanzere, pa wachinayi. Sindinganame kuti panali chifukwa. Ndinkangofuna kuti kudikirako kuthe.

Anawerama pa kamera. Ankatsitsa pang'ono, kuyang'ana, kukweza pang'ono, kusuntha chithunzi ndi nsonga ya chikhadabo. Zinatenga nthawi yaitali moti dzuwa linasuntha pansalu, iwo n'kukankhanso tebulo kulitsatira. Kenako anati ndiyang'ane.

Nkhopeyo inali itadzaza kazenera konse. Koma sinali nkhope ngati ya munthu amene wakhala naye pafupi. Inali madontho, ngati mchenga wakuda ndi woyera wothiridwa pambale. Maso anali mabala awiri akuda. Pakamwa panali kamzere kokhota mbali imodzi. Ndikayang'anitsitsa, madonthowo ankabalalika. Ndikachotsa diso pang'ono, ankasonkhana n'kukhala mayi, koma mayi wina aliyense.

"Ndi iwowa?"

"Eee."

"Yang'ananso. Nthawi ilipo, dzuwa silinachoke pazenera."

Ndinayang'ananso. Ndinadikira kuti mtima uchite chinachake, kugunda kapena kuwawa, chilichonse chondiuza kuti eya kapena ayi. Unangokhala zii ngati mwala wa mumtsinje.

"Ndi iwowo."

A Chikadza anakhala pampando n'kuvula magalasi. Analankhula motsitsa mawu. Anati filimu ili m'kameramo yatsala ndi malo awiri okha, ena onsewo ndi a ukwati wa anthu, ndipo ina alibe mpaka wina atapita ku Lilongwe. Ndiye anati, "Ngati ukukayika pang'ono pokha, ndikweze kamera ndijambule mzere wonsewu. Nkhope sizikula kwambiri, koma abambo ako akasankha okha kunyumba. Palibe choipa pamenepo."

Khomo linali limenelo, lotsegula. Ndikanangoti kwezani.

Koma makina a telala anali atasiya kulira. Telalayo, bambo wonenepa wokonda zocheza, anali ataima pakhomo tepi ili m'khosi, akumvetsera. Anaseka n'kunena kuti, "A Chikadza inunso. Mwana angasowe amake? Ngakhale kamwana ka mbuzi kamalowa m'khola la mbuzi makumi awiri n'kupita pa bere lake lenileni."

Sananene moipa. Ankandiikira kumbuyo, m'maganizo mwake. Koma mawuwo anandilowa ngati munga wa pansi pa phazi. Kutentha kunayambira m'khosi n'kukwera m'makutu, ndipo kanali koyamba m'miyezi itatu kumva chinthu chotentha m'thupi mwanga. Ndinaimirira.

"Ndanena kuti ndi awa. Amayi anga mukuwadziwa ndinu kapena ine? Mungojambula, ndi ntchito yanu imeneyo."

Ndinakuwa ndithu, mwana wa kabudula kukalipira bambo wa imvi m'nyumba mwake. Telala anabwerera pamakina ake. A Chikadza sanakwiye. Anavala magalasi awo, kundiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Wanena ndiwe, bwana."

Anandiuza kuti ndiime kukhoma ndipo ndisasunthe phazi. Pamsewu pankadutsa lole, ndiye anadikira mpaka kunjenjemera kwa zenera kutatha. Anagwira kachingwe kolumikizidwa ku kamera kuti dzanja lawo lisaigwedeze, anakoka mpweya, kuugwira, n'kudina. Anatembenuza kenakake pagalasi n'kudinanso kachiwiri, nkhope yomweyo, kuti china chikada china chidzatuluke bwino. Malo awiri aja anathera pamenepo.

Ndinafika kwa Mayi Kachale dzuwa litapendeka. Ndinawapeza akulongedza mbale m'dengu, akuika udzu pakati. Anatsegula pepalalo, kuona kuti chithunzi chawo chili bwino, n'kufunsa ngati zatheka. Ndinati zatheka. Iwo ankadziwa mayi aliyense pachithunzipo ndi dzina lake. Ndikanangoti, amayi anga ndi ati pamenepa, ndipo mawa lake likanakhalapo lokonzera. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma pabwalopo panali anyamata awiri a m'kalasi mwanga akuthandiza kutulutsa mipando, mmodzi wa iwo ndinali nditamutupitsa mlomo sabata yomweyo. Ndinatseka pakamwa n'kukwera njinga. Loweruka lole inabwera.

Filimu inkapita kukatsukidwa ku Lilongwe, choncho tinadikira masabata atatu. Masabata amenewo sindinavutike, ndisaname. Ndinangoiika nkhaniyo penapake m'mutu n'kutsekapo. Abambo anakatenga okha envulopuyo tsiku la msika, ndipo sanaitsegule mpaka Lamulungu titabwera ku Misa. Anasamba m'manja. Anaitana azakhali. Anakhala pampando pakhonde n'kumuika Lusiya pamiyendo, atamuveka diresi lake la kutchalitchi. Ine ndinaima chapatali, nditatsamira mtengo wa pichesi.

Chithunzicho chinatuluka chachikulu ngati kope la kusukulu. A Chikadza ntchito yawo ankaidziwa. Pa pepala, ukachigwira motalikitsa dzanja, madontho aja anagwirana n'kukhala nkhope yeniyeni, yoti munthu n'kuizindikira pamsewu.

Azakhali ndi amene anayamba kulankhula. "Awa si aNamaseko awa?"

ANamaseko ankakhala kutsidya kwa dambo, ankagulitsa tomato pamsewu. Anali moyo. M'mawa womwewo tinali titawaona m'tchalitchi akuyimba.

Lusiya anatambasula dzanja, kugwira pepalalo pamphuno, n'kunena kuti, "Amama." Abambo anachotsa kadzanjako pang'onopang'ono n'kumupereka mwanayo kwa azakhali.

"Damiano. A Chikadza anakufunsa?"

"Alakwitsa ndi iwowo. Galasi lawolo ndi lokhota, limatenga munthu wina."

"Ndikufunsa ngati anakufunsa."

"Anandifunsa."

"Kangati?"

"Katatu."

Ndinadikira ndodo. Kunena zoona ndinkaifuna. Ikanandipatsa chifukwa cholirira, ndipo nkhani ikanathera pamsana. Abambo anangobwezera chithunzicho mu envulopu, kupinda kukamwa kwake bwinobwino, n'kundipatsa.

"Si chathu ichi. Kapereke kwa eni ake."

"Achimwene, mwanatu uyu," anatero azakhali.

"Apite."

Ndinawoloka dambo wapansi. ANamaseko ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba yawo, akusenda nsawawa m'lichero. Ndinaodira, kugwada, n'kupereka envulopuyo ndi manja awiri. Anapukuta manja pachitenje n'kutsegula. Anaseka mpaka nsawawa zina zinagwera pansi.

"Ine uyu? Ndinali wonenepa chonchi ine? Abwere aone abambo a kuno, amati ndinabadwa wouma ngati nsomba yowamba. Wachitenga kuti, mwana wa aNangozo?"

ANangozo anali amayi anga. Ndinafotokoza zonse, mawu ali phwaa ngati ndikuwerenga pabolodi: za Lusiya, za Mayi Kachale, za galasi, za kamtengo ka machesi. Za kukalipa kokha ndinasiya. Kuseka kunatha. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kuchitalikitsa, kuchiyandikitsa. Kenako anaika chala m'munsi, pakona.

"Tayandikira. Ukuona apa?"

Paphewa lawo, pamene pepala linkathera, panali tinthu tinayi totuwa pa bulauzi yoyera. Ndinali nditationa kale ndili pa mtengo wa pichesi, ndinkayesa makwinya a nsalu.

"Zala za amayi ako izi. Anaima pambali pangapa. Bambo Mfumu aja anati aliyense aime chilili, osaseka, ndiye amayi ako n'kumanditsina paphewa kuti ndiseke ndikalipiridwe. Ukuona pakamwa pangapa pakhota? Ndinkadziletsa. Anali wovuta mkazi ameneyu, iwe sukudziwa."

Sindinkadziwadi. Sindinkadziwa kuti amayi anga ankatsina anzawo pamasitepe a tchalitchi.

Anatuma mwana kuti abweretse lezala. Anagoneka chithunzicho pa thabwa lodulira masamba, n'kudula konayo mosamala, lezala ikudutsa paphewa lawo lomwe. Kachidutswako kanali ngati bokosi la machesi. Anandiika m'manja n'kupinda zala zanga.

"Ichi n'chanu. Nkhopeyi ndisunga, nanenso sindinajambulitsepo chibadwire. Ukawauze abambo ako kuti ndathokoza, koma usakanene kuti ndinaseka."

Abambo analandira kachidutswako atakhala pomwe ndinawasiya. Ndinawauza zimene aNamaseko ananena, za kutsina zija. Anakayang'ana, ndipo pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono ngati akufuna kumwetulira, koma sizinafike. Anakaika m'buku lawo la mapemphero. Sanandimenye tsiku limenelo kapena lina lililonse chifukwa cha nkhaniyi, ndipo sanaitchulenso mpaka kumwalira kwawo. Analembera kalata aphunzitsi aja kawiri. Yankho silinabwere, kaya makalatawo ankafika kaya ayi. Nditakula ndinafufuza ndekha, n'kumva kuti aphunzitsiwo anamwalira, akazi awo anapita kwawo, ndipo za chithunzi palibe amene ankadziwa.

A Chikadza ndinakumana nawonso patapita zaka zitatu, nditasankhidwa kupita ku sekondale, pamene pankafunika tizithunzi ta pafomu. Wojambula wina panalibe, ndiye ndinalowa mutu uli pansi. Anandizindikira nthawi yomweyo. Anandikhazika patsogolo pa nsalu, kundibwereka jekete lija, kundikweza chibwano ndi chala. Atamaliza ndinati ndinawalakwira tsiku lija. Zinatuluka mokhadzula, ngati ndikuwaimba mlandu iwowo, poti kupepesa sindinakuphunzire bwino mpaka pano.

"Ndinaona kuti sukudziwa," anatero akupukuta galasi. "Munthu wodziwa sakuwa. Nanenso ndinalakwa, ndikanangokweza kamera osakufunsa. Koma unakalipa ngati munthu wamkulu, ndiye ndinakutenga ngati munthu wamkulu."

Mawu amenewo ndayenda nawo zaka zonsezi, ndipo sindinganene kuti anandichiritsa. Ndakalipira makondakitala, ndakalipira ana anga, ndinachokapo pantchito ina chifukwa cha pakamwa pangapa. Chimene chinasintha n'chakuti ndimadzigwira pambuyo pake. Ndikakhala pansi n'kufufuza pamene ndinakuwa kwambiri, pafupifupi nthawi zonse ndimapeza kuti panali chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo panali munthu pakhomo amene sindinkafuna kuti aone zimenezo. Ukali wanga wambiri ndi manyazi ovala jekete lobwereka. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri kuiwala nkhope ya amayi ake si mlandu. Mlandu unali kukana kuvomera, pamene munthu wamkulu anandifunsa katatu, mofatsa, dzuwa likadali pazenera.

Masiku ano mwana wanga wamkazi ali ndi kagalasi kopanira pafoni, kamene amajambulira nsabwe za m'masamba a kachewere pa maphunziro ake a zaulimi. Amajambula kambirimbiri, kufufuta, kujambulanso, osagwira mpweya n'komwe. Chaka chatha tinapita kwa Lusiya, amene amasunga kachidutswa kaja tsopano, ndipo mwanayo anakajambula ndi kagalasi kakeko n'kukakuza mpaka kudzaza foni yonse. Tinaunjikana kuyang'ana. Munali mchenga wokhawokha. Galasi silingatulutse chimene sichinalowemo.

Lusiya ali ndi ana anayi ndi mdzukulu mmodzi. Nkhani ya kwa a Chikadza amaidziwa yonse, ndinamuuza ndekha atakula, ndipo sanandinenepo kanthu. Azakhali ankati amafanana ndi amayi pamphumi, aNamaseko ankati ayi, ndi pakamwa, ndipo onsewo anapita osagwirizana. Tsiku limenelo, ana atatuluka ndi foni yawo, anandifunsa ali chogwada pansi akusenda kachewere, osandiyang'ana.

"Achimwene, inu munawaona zaka khumi ndi ziwiri. Ndimafanana nawo?"

Ndinamuyang'ana bwinobwino, mphumi, maso, pakamwa, nthawi yaitali monga ndikanayenera kuchitira kale. Ndinamva kutentha kuja kukuyamba m'khosi, ndipo ndinadikira kuti kutsike.

"Sindikudziwa, mlongo wanga."

Anagwedeza mutu n'kutola kachewere wina. Mawu amene anandikanika kwa a Chikadza ndi amenewo basi, afupi chonchi. Ndikanawanena ndili ndi kamtengo ka machesi m'manja, bwenzi Lusiya sakufunsa munthu.